Mfungulo ya Mita Asunge Ndani?



Nonse mwamva za alendo amene afuna kuika magetsi a dzuwa pa msika wathu, ndi kukoka mawaya kufikira ku sukulu, ku chipatala chaching'ono, ku chigayo ndi ku nyumba za amene angathe kulipira. Ena mwa ife ayamba kale kuvina. Ena ali kunong'onezana kuti ameneŵa ndi akuba ovala tayi. Ife a komiti munatituma ku Blantyre kukaona ndi maso makina amene alendowo anena, ndipo tinakawapeza m'chihema chawo pa bwalo la chionetsero cha malonda pa Chichiri. Tsono tamverani zimene tinaona, ndi chimene chatisowetsa tulo chibwerere.

Anatisonyeza kabokosi ka mita, kochepa ngati buku la masamu la Sitandade 5. Kabokosiko kawerenga magetsi amene nyumba yadya, nikatumiza chiwerengerocho pa netiweki ya foni kunka ku kompyuta ili kutali. M'kompyutamo muli pulogalamu, ndiko kunena malamulo olembedwa amene makina atsata. Mukalipira, pulogalamu itsegula magetsi. Ndalama yanu ikatha, itseka, popanda munthu kukwera pa polo. Ikhoza kuika mtengo wina wa masana pamene dzuwa lili kuswa mtengo, ndi wina wa usiku pamene magetsi achokera m'mabatire. Ikhoza kuletsa munthu mmodzi wadyera kulumikiza makina aakulu amene akadagwetsa mudzi wonse mumdima. Ikhozanso kuuza mmisiri ali m'tauni kuti batire lafooka lisanafe. Zimenezi ndi zabwino, ndipo tizinena poyera.

Koma tinafunsa mafunso awiri. Batire likatsala pang'ono pakati pa usiku, ayambe kuzimitsidwa ndani, mayi amene ali kuchira ku chipatala kapena wailesi ya ku malo omwera mowa? Nanga mtengo ukakwera, wakweza ndani? Mnyamata wa m'chihemamo anaseka mwaulemu nati, "Zonsezo imapanga yokha kompyuta, aphunzitsi, musade nkhawa."

Mawu amenewo ndiwo tili kulimbana nawo m'kalata muno. Ndi bodza, ngakhale wolinenayo analinena ndi mtima wabwino. Ife ogwira choko tidziwa kuti kaundula wa m'kalasi sadzilemba yekha. Mwana akalembedwa kuti anajomba, pali dzanja limene linalemba, ndipo kholo lidziwa khomo loti ligogode. Chomwecho lamulo lililonse la m'pulogalamu analilemba munthu, atauzidwa ndi munthu wina amene ali ndi dzina, ofesi ndi thumba. Kunena kuti kompyuta yaweruza ndiko kubisa woweruzayo kuseri kwa kabokosi, kuti wodandaula asowe womuloza chala.

Wokayika ayang'ane pa Chichiri pomwepo. Si patali ndi bwalo la chionetserolo pamene pali nyumba imene ESCOM iyang'aniramo magetsi a dziko lonse. M'menemo muli makina otchedwa SCADA, amene anaikidwa ndi thandizo la Amereka la madola 350.7 miliyoni, pa pangano la Millennium Challenge limene linayenda kuyambira 2013 kufikira 2018. Ndalama zomwezo zinakoka mawaya aakulu kuchokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma, mtunda wa makilomita 173, ndi kukonzanso Nkula A kuti azipereka mamegawati 36 m'malo mwa 24. Amisiri athu akhala pa mpando naona pa galasi mmene magetsi ali kuyendera, natsegula kapena kutseka siteshoni yakutali osakwera galimoto. Tiwanyadira ana athu amenewa. Komatu mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa kufikira mu 2023. Makina a pa Chichiri anaona zonse bwino lomwe, koma sanabale megawati ngakhale imodzi. Chinatsala ndi kugawa mdima, ndipo ndandanda ya woyamba kuzimitsidwa ndi wotsiriza inalembedwa ndi anthu.

Makinawa sapanga magetsi, abale. Ntchito yawo ndi kugawa. Ali ngati chipande. Chipande sichidziwa mwana wa mwini nyumba ndi mwana wamasiye; lidziwa ndi dzanja lochigwira. Ngati zili tero pa magetsi a dziko lonse, pamene pali Nyumba ya Malamulo ndi nyuzipepala zofunsa mafunso, nanga kotani pa kamagetsi ka msika wathu, pamene wofunsa ndi inu ndi ife basi?

Tsono kwa akuluakulu athu amene ati tiwapirikitse alendowo, tikuti pepani, pamenepo sitivomerezana nanu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 za m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinali kuunika ndi magetsi, ndipo kumidzi sizinafike ndi 5 zomwe. Ntchito ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi inayamba mu 1980, ambiri a ife tisanabadwe. Tilipira msonkho wake pa petulo ndi dizilo nthawi zonse tikwera minibasi, koma mapolo sangafike mudzi uliwonse chaka chimodzi. Anzathu ena sanakhale chidikirire. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, bungwe la MEGA lipukusa magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya ndi kuwagulitsa pa mita yolipiriratu. Kwa Sitolo ku Mchinji kuli magetsi a dzuwa a makilowati 80. Ku Mthembanji m'boma la Dedza anayatsa a makilowati 12 mu 2020, okwanira makomo pafupifupi 60, ndi mamita otumiza uthenga monga amene tinaona. Kampani ya makomo 60 singathe kulemba kalaliki woyenda khomo ndi khomo kutolera ngongole, ndipo tidziwana mmene tibwezera ngongole ya mnansi. Popanda mita yotere magetsiwo akadafa chaka chisanathe. Mita tiifuna ndithu. Chimene tikana ndi kuilandira titatsinzina.

Chotero pangano lisanasainidwe lilembedwe m'Chichewa ndi kuwerengedwa mokweza pa bwalo. M'menemo mulembedwe mwatchutchutchu kuti batire likafooka chipatala ndicho chotsiriza kuzima. Mulembedwe kuti mtengo sudzasintha m'kompyuta usiku anthu ali m'tulo, koma udzayamba walengezedwa pa msonkhano, pamodzi ndi chifukwa chake. Alendowo atisonyezenso chikalata chawo chochokera ku MERA, bungwe limene lamulo la 2004 linakhazikitsa kuti liziyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ndipo mwezi uliwonse chiwerengero cha magetsi opangidwa, ogulitsidwa ndi ndalama zotoleredwa chikhomedwe pa khoma la sukulu. Ana a Sitandade 8 adzachiwerengetsa; sitidzasowa owunika mabuku.

Koma nkhani imene iposa zonse ndi ya mfungulo. Pulogalamuyi itsegulidwa ndi mawu achinsinsi, ndipo kawirikawiri ikhala pa makina a kampani ina ya kunja, imene ilipidwa mwezi ndi mwezi. Nanga alendo athu ndalama zikadzawathera? Nanga akadzagulitsa ntchitoyo kwa ena amene sitinawaonepo? Yendani m'midzi yathu muwerenge mijigo yakufa, imene inabwera ndi nyimbo ndi nthungululu, nimwalira chifukwa cha kalabala kamodzi kosowa. Komabe mjigo uli bwino, pakuti mmisiri wa m'dera ali ndi sipanala akhoza kuudzutsa. Mita yotsekedwa ndi mawu achinsinsi palibe sipanala yoitsegula. Dzuwa lidzawala, mabatire adzadzaza, mawaya adzakhala ali chilili, koma mudzi udzagona mumdima chifukwa mfungulo ili m'thumba la munthu amene anakwera ndege. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tifuna mfungulo yachiwiri isungidwe ndi komiti ya mudzi, ndi njira yoyatsira magetsi ndi manja tsiku limene netiweki yasowa, pakuti tidziwa mmene isowera mvula ikagwa. Tifunanso achinyamata awiri a kuno, mtsikana ndi mnyamata, mwa aja ali ndi MSCE amene angokhala pa msika, aphunzitsidwe kuwerenga ndi kusintha za m'pulogalamumo, osati kupukuta fumbi pa magalasi a dzuwa kokha.

Pali kanthu kenanso kamene mayi wina wa m'komiti anatikumbutsa m'basi pobwerera, ife amuna titakaiwala. Mita imeneyi idziwa nthawi imene mugona ndi imene mudzuka. Idziwa mwezi umene mwagulitsa nandolo, ndi sabata imene mwasowa ndi ya mchere yomwe. Kodi mbiri imeneyo aiona ndani? Ikafika kwa wakatapila kapena kwa wogula mbewu, adzadziwa tsiku loti akufikeni muli ofooka. Chotero mulembedwe m'panganomo kuti za nyumba ya munthu siziperekedwa kwa wina mwini wake asanalole.

Alendo adzabwera Loweruka likudzali, 2 koloko masana, m'kalasi ya Sitandade 8. Tipempha agogo athu amfumu, mwaulemu wonse, kuti asadinde chala pa pepala lililonse msonkhanowo usanachitike. Amayi mubwere ambiri ndipo mukhale kutsogolo, pakuti ndalama ya mayunitsi idzatuluka pa mfundo ya chitenje chanu. Amene ali ndi funso koma aopa kuima pa gulu alipereke kwa mlembi pofika Lachisanu, tidzalifunsa m'malo mwake osatchula dzina.

Ndife anu pa ntchito,
Mlembi wa Nthambi, m'malo mwa Komiti