Kasipuling'i Kotchinga Imfa pa Bobcat

Ku Fordsburg ndi ku Mayfair, kumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, kumakhala Amalawi ambiri. Ena amagwira ntchito m'mashopu ozungulira Oriental Plaza, pamene ena amapeza maganyu komwe akumanga kapena kukonzanso nyumba zakale. Pamalo opanikizika ngati amenewa pamagwira ntchito kagalimoto konyamula mchenga ndi zigumu, kamene ambiri amangokatchula kuti Bobcat. Alimi nawo amakadziwa, pakuti kanabadwira pafamu. Mu 1957 Louis Keller ndi mbale wake Cyril, a ku Minnesota ku America, anapangira mlimi wa nkhukundembo makina oyamba a mtunduwu kuti azichotsera manyowa m'khola.

Woyendetsa Bobcat amakhala pakati pa mikono iwiri yachitsulo imene imakweza chibakete, ndipo pa makina ambiri amalowa ndi kutulukira kutsogolo, podutsa chibaketecho. N'chifukwa chake pampando pali chitsulo chimene amachitsitsa mpaka pamimba asanayambe ntchito. Akachikweza, mapedulo kapena zogwirira zimakhomeka, mikono siyendanso. Chimene chimagwira chitsulochi kuti chikhazikike m'mwamba kapena pansi ndi sipuling'i yaing'ono ya pamene chimazungulirapo.

Sipuling'iyi ikatopa kapena kuthyoka, chitsulo chimagwa chokha kapena chimagwedera, ndipo makina amangozimitsa mikono ntchito ili mkati. Apa ndi pamene ngozi imayambira. Poopa kuchedwetsa ntchito, ena amamanga chitsulocho ndi waya kapena mphira, enanso amalumikiza mawaya a sensa kuti makina aziona ngati chili pansi nthawi zonse. Zikatero, phazi likangoponda pedulo munthu akutuluka, chibakete chimatsika ndi kumupana. Mu 1998 bungwe loona za chitetezo pantchito ku America la NIOSH linachenjeza kuti anthu ambiri ofa ndi makinawa amapanidwa pakati pa mikono kapena chibakete ndi thupi la makinawo.

Komatu kukonza sipuling'i si ntchito yaikulu. Imikani makina pamalo athyathyathya, tsitsani chibakete mpaka pansi, zimitsani injini, chotsani kiyi, kenako masulani waya wa batire. Ngati mpofunika kuti mikono ikhale m'mwamba, ichirikizeni ndi chitsulo chimene opanga makina anaikapo pa ntchito imeneyi. Mafuta a hydraulic okha si odalirika. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa sipuling'i imakhala yopanikizidwa ndipo ikhoza kufwamphuka. Masulani bawuti pang'onopang'ono kuti mphamvu yake ithe, ndipo yalani zipangizo motsatana monga mwazichotsera. Onaninso mabawuti, mawashala ndi mabushi, pakuti kawirikawiri zimatha limodzi ndi sipuling'i. Pogula yatsopano, tengani nambala ya makina anu, ndipo pomanga tsatirani buku la makinawo. Sipuling'i yotola pa sikirapu ikhoza kufanana kukula koma kusiyana mphamvu.

Ntchito siinathe musanayese. Khalani pampando, mangani lamba, tsitsani chitsulo, lizani injini, ndipo onetsetsani kuti palibe munthu pafupi. Kenako kwezani chitsulocho ndi kuyesa mapedulo. Mikono ikangosuntha, ngakhale pang'ono, makinawo asagwire ntchito mpaka makaniko wodziwa atawaona.

Chovuta chenicheni si sipanala koma mantha. Munthu wa ganyu, makamaka mlendo m'dziko la eni, amaopa kuti akadandaula amuchotsa, ndiye kumudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba ana agona ndi njala. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lamulo la ku South Africa la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1993 limalamula wolemba ntchito kusamalira makina kuti akhale osaopsa, limauza wantchito kunena msanga akaona choopsa, ndiponso limaletsa aliyense kusokoneza zipangizo zotetezera anthu. Ku Malawi nako kuli lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito la 1997.

Tsono inu alangizi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi a magulu othandizana pamaliro, kambani nkhaniyi pamisonkhano yanu. Limbikitsani anyamata kuti akaona chitsulo chomangidwa ndi waya, azikanena kwa kapitawo ali awiri kapena atatu, ndipo azisunga chithunzi chake pafoni. Inunso eni makina, m'tauni ngakhale kumafamu, werengerani bwino: kuimitsa ntchito maola ochepa n'kotsika mtengo kusiyana ndi kutumiza maliro kuchoka ku Joni kupita kumudzi. Pepani sapoletsa chilonda.