Faundeshoni yabwino ndi imene sioneka

Chithunzi chachikulu cha ukwati wa mwana wa achemwali anga chili m'sutikesi pansi pa bedi. Chimayenera kukhala pakhoma pabalaza, koma mwiniwake safuna n'kuchiona komwe. Diresi inakhala bwino, tsitsi linakhala bwino, mkwati naye anatchena. Vuto ndi nkhope: yotuwa mbuu ngati ya munthu wochokera kuchigayo, pamene khosi ndi mapewa zili ndi mtundu wake weniweni umene anabadwa nawo.

Ndinalipo m'mawa umenewo pamene ankamuphoda. Unali mwezi wa Okutobala, kunja kutatentha kale 7 koloko isanakwane. Mtsikana amene tinamulemba ganyu anatulutsa botolo limodzi la faundeshoni ndi siponji imodzi, n'kuphoda nazo mkwatibwi ndi omuperekeza onse. Ndinaona kuti mtunduwo unali woyererapo, ndiponso kuti siponjiyo inali yothimbirira, koma ndinakhala chete poopa kusokoneza chisangalalo. Patatha sabata mwanayo anandiimbira foni akulira: "Amayi aang'ono, nkhope yanga yadzaza tiziphuphu, zithunzi nazo zabwera. Inu munaona, bwanji simunanene?" Ndinasowa choyankha. Tsono lero ndinene, ena asadzabisenso zithunzi zawo.

Tiyambe ndi mtundu, chifukwa mtundu ukalakwika palibe bulashi kapena siponji imene ingakupulumutseni. Ambiri timayesera faundeshoni kuseri kwa dzanja tili m'sitolo, pansi pa magetsi. Dzanja ndi nkhope sizifanana mtundu, ndipo magetsi amanama. Pakani timizere titatu ta mitundu yoyandikana m'mbali mwa nsagwada, pamene nkhope imakumana ndi khosi, kenako tulukani panja ndi kagalasi. Dikiraninso mphindi 10 kapena 15, popeza faundeshoni zina zimadererako zikakhala pakhungu. Mzere umene wasowa, umene simukuuonanso, ndiwo wanu. Kumbukiraninso kuti anthu awiri akuda mofanana akhoza kusiyana: khungu la wina limapendekera kofiirira, la wina kwachikasu. Mukapaka yolakwika mbali imeneyi nkhope imatuwa ngakhale kuda kwake kukhale kofanana.

Kale tinali ndi chowiringula, chifukwa makampani ambiri ankapanga mitundu yochepa ya khungu lakuda. Zinthu zinayamba kusintha kwambiri mu 2017 pamene woimba wa ku Barbados, Rihanna, anatulutsa faundeshoni ya Fenty Beauty m'mitundu 40, makampani ena n'kuyamba kutsanzira. Ngati wanu simukuupezabe, gulani iwiri, wina woderapo wina woyererapo, muzisakaniza pang'onopang'ono. Koma tinene chilungamo, amayi anzanga: nthawi zambiri mtundu wathu umakhalapo, ife timasankha dala woyererapo pofuna kuoneka oyera. Ntchito ya faundeshoni ndi kufananitsa khungu, kubisa zipsera ndi timadontho. Mukaituma ntchito yoyeretsa munthu, khosi ndi makutu zimakuululani.

Tsopano zipangizo. Choyamba muli nacho kale ndipo n'chaulere: zala. Kufunda kwa zala kumafewetsa faundeshoni yamadzimadzi, imalowerera bwino, ndipo palibe imene imatayika. Zala n'zokwanira pa tsiku lopita kuntchito kapena kutchalitchi, pamene mukungofuna yochepa. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe, ndipo muzigundagunda pakhungu ndi nsonga za zala, osati kutikita ngati mukudzola mafuta.

Chachiwiri ndi bulashi. Ilipo yaphwatalala yonga yopentera nyumba. Imafalitsa msanga koma imasiya timizere ngati simumaliza bwino. Ilipo ina yozungulira, ya ubweya wothithikana. Imeneyi mumaiyendetsa mozungulira pang'onopang'ono ndipo imaphimba zipsera kuposa zala. Pa faundeshoni yamadzimadzi sankhani ya ubweya wopangidwa kufakitale, chifukwa wa nyama umamwa faundeshoni yambiri. Musanagule, isisiteni pachikhatho: ikamabaya kapena kuthothoka, isiyeni. Amene khungu lawo ndi louma asamale, chifukwa kuzunguliza bulashi mwamphamvu kumadzutsa timamba.

Chachitatu ndi siponji, ija yonga dzira. Anaitchukitsa ndi Rea Ann Silva wa ku America, amene ankaphoda ochita zisudzo za pa TV ndipo ankadula masiponji wamba kuti asakhale ndi ngodya zosiya mizere. Chinsinsi chake ndi madzi. Iviikeni mpaka itafufuma, ifinyeni kwambiri, kenako ifinyireninso m'kathaulo koyera kuti ingokhala yachinyezi. Siponji youma imamwa faundeshoni, ndiye kuti ndalama zanu zikuthera m'siponji. Poigwiritsa ntchito muzidinda, osakhula. Mbali yaikulu ndi ya masaya ndi chipumi, kansonga ndi ka m'mbali mwa mphuno ndi m'munsi mwa maso. Ine pa tsiku lalikulu ndimayala ndi bulashi, n'kumalizitsa ndi siponji kuti mizere yonse ifafanizike.

Chipangizo chilichonse chimene mwasankha, kapakidwe kake n'kamodzi. Sambani kumaso, dzolani mafuta opepuka, dikirani alowe. Tengani faundeshoni yochepa ngati njere ya mtedza, muiyambire pakati pa nkhope, pamene pamakhala zofunika kubisa zambiri, n'kumaipititsa kunja mpaka ithere yokha m'mbali mwa tsitsi, pafupi ndi makutu ndi kunsi kwa chibwano. Dziyang'aneni. Ngati chipsera chikuonekabe, onjezerani pomwepo pokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kupaka yochepa kawiri kumagwira kuposa kumata yambiri kamodzi. Yomata ija dzuwa la Okutobala likaipeza imasungunuka ndi thukuta, n'kukaunjikana m'makwinya ndi pakolala ya bulauzi.

Thukuta likabwera musathamangire paudala. Dindani kaye ndi tishu kuti mafuta achoke, kenako paudala pang'ono pachipumi, pamphuno ndi pachibwano. Paudala woyera wochuluka, komanso faundeshoni zina zokhala ndi zoteteza kudzuwa, zimabweza kuwala kwa fulashi ya kamera, nkhope n'kuoneka yoyera pachithunzi pamene pamaso inali bwinobwino. N'chifukwa chake mkwatibwi aliyense ayesere kuphodedwa kukadali masiku, ajambulidwe ndi foni panja masana, ajambulidwenso m'nyumba ndi fulashi. Zithunzi ziwirizo zidzamuuza zoona zimene achibale aulemu ngati ine timabisa.

Nkhani yomaliza ndi imene inabweretsa tiziphuphu tija. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Aston ku Birmingham, m'dziko la Britain, anayeza zophodera zimene anthu ankagwiritsa ntchito. Anapeza kuti masiponji ndiwo anali ndi majeremusi ochuluka kuposa zina zonse, ndipo masiponji 93 mwa 100 alionse anali asanachapidwepo chigulireni. Sizodabwitsa: chinthu chonyowa, chodzaza mafuta a pakhungu, chotsekeredwa m'kachikwama kofunda, ndi munda wa majeremusi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chapani siponji ndi sopo ndi madzi ofunda mukangomaliza, mpaka madzi azituluka oyera, ndipo iumire poyera podutsa mphepo. Ikayamba kung'ambika, kununkha kapena kuchita timadontho takuda, itayeni. Ngakhale yooneka bwino isapitirire miyezi itatu. Mabulashi achapeni kamodzi pa sabata, muwagoneke poyanika kuti madzi asalowe m'chigwiriro n'kumasula guluu. Osabwerekana, ngakhale ndi mng'ono wanu. Mukamapita kusaluni tengani siponji yanu, kapena pemphani yatsopano imene aitsegule inu mukuona. Wophoda wodziwa ntchito sakwiya ndi pempho lotere. Ndipo usiku, mutope bwanji, sambani zonse musanagone.

Mng'ono wake wa mkwatibwi uja chinkhoswe chake chili mwezi wamawa. Loweruka lapitali tinakhala naye pakhonde, timizere titatu pansagwada, kagalasi m'manja. Anakonda woyererapo. Ndinamuuza kuti alowe m'nyumba akapemphe mkulu wake amutsegulire sutikesi ija. Atatuluka sananene zambiri, anangoloza mzere umene unali utasowa kale pakhungu lake.