Musatiphunzitse kulera mwana osafunsa kuti mayi ali bwanji

Amayi anzathu a ku Chintheche, Kande, Mpamba mpaka Usisya, tiyeni tikambe chilungamo.

Ku sikelo ya ana, ku Care Group, uthenga ndi umodzimodzi: "Mayi, sewerani ndi mwana. Musamukalipire. Mupatseni zakudya za magulu asanu ndi limodzi." Malangizo abwino, sitikukana. Koma ndani amamufunsa mayiyo ngati anagona tulo usiku wathawu?

Ambiri mwa ife tinakula osasamalidwa. Ena ndife ana amasiye, tinaleredwa ndi agogo otopa. Ena tinakula bambo ali ku Joni, mayi ali kalikiliki ndi chinangwa ndi usipa. Palibe anatinyamula titalira. Lero tabereka, mwana akalira usiku mtima umathamanga, mutu umazungulira, ndiye timakalipa. Kukacha anthu ali: "Mayi uyu ndi wankhanza." Ayi! Uku ndi kupsinjika maganizo, ndipo chithandizo chake chilipo.

Maphunziro a kaleredwe amagwira ntchito, umboni ulipo kwathu konkuno. Boma ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 ku Nkhata Bay, Dedza, Balaka ndi Thyolo. Kumene aphunzitsi anaphunzitsidwa, makolonso n'kumakumana m'magulu, ana anapita patsogolo pa kuyankhula pomatha miyezi 18. Pofika miyezi 36, kusiyanako kunali kutazilala. Ife tikuti: maphunziro akatha, mayi amabwerera ku mavuto omwe aja, yekhayekha. Mukudabwa chiyani?

Kwina anayamba ndi mayi. Ku Pakistan, alangizi a zaumoyo a m'midzi ankayendera amayi oyembekezera odwala matenda okhumudwa, kumva nkhawa zawo ndi kuganiza nawo limodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2008: patatha miyezi 6 atabereka, amayi 23 pa 100 alionse ndiwo anali akudwalabe, pomwe mwa amene sanalandire uphunguwu anali 53. Ku Harare, Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda inaphunzitsa agogo kumvetsera anthu ali pabenchi kunja kwa chipatala. Agogo tilibe kuno ngati? Mabenchi akusowa?

Mayi wa ku Usisya sangadikire Ilala kapena kulimbana ndi msewu wa m'mapiri uja kuti akapeze phungu ku St John of God ku Mzuzu. Thandizo limupeze pamudzi.

Tikufuna izi:

1. Ku sikelo, mlangizi wa zaumoyo azifunsanso mayi za tulo, nkhawa ndi nkhanza za m'banja. Afunse pambali, osati pagulu.
2. Magulu a makolo asamathe pulojekiti ikatha. Khonsolo ya Nkhata Bay iwaike mu bajeti.
3. Abambo azibwera. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana likunena makolo onse awiri. Ali ku nyanja kapena ku Joni, udindo sunathe.
4. Kunyoza mayi pamzere chifukwa mwana watsika sikelo kuthe. Manyazi amathamangitsa amene akufunika thandizo kwambiri.

Amfumu, makhansala, azibusa: mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Nanga mayi wakeyo ndi wa yani?

Gawirani anzanu uthengawu. Pa sikelo ikubwerayi, mufunseni amene mwakhala naye pafupi: "Nanga inuyo muli bwanji?" Ndipo mudikire ayankhe.