Nzeru za Aphunzitsi a Malamulo Zifike Pangano Lisanasainidwe



Si kawirikawiri kuti kalata yonga ino ikambe za anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga, kulemba ndi kuphunzitsa malamulo. Tinazolowera kukamba za zisankho, katangale ndi njala. Komatu pali nkhani zina zimene sizigamulidwa pa msonkhano wa ndale kapena m'bokosi loponyera voti, koma pa pepala limene nduna ndi mkulu wa kampani amasaina m'chipinda chotseka. Madzi a m'nyanja yathu, miyala ya pansi pa nthaka ndi magetsi a pa mtsinje wa Shire zimayendetsedwa ndi mapepala otere, ndipo amene angathe kuwawerenga n'kuona pamene pabisala msampha ndi ochepa ndithu m'dziko muno. Ena mwa ochepawo ndi aphunzitsi a malamulo a m'sukulu zathu zaukachenjede. Nkhawa yathu ndi yakuti nzeru zawo zimafunsidwa mochedwa, zinthu zitaonongeka kale, ndiponso zimatsalira m'chiyankhulo chimene eni ake chumacho sachimva.

Chuma chosungitsidwa

Ndime 12 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 imanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo amene ali pa udindo anangosungitsidwa mphamvuzo. Ndime 13 imalamula boma kusamala chilengedwe poganiziranso ufulu wa mibadwo imene isanabadwe. Ganizoli si lachilendo kwa munthu wa kumudzi. Amene wasungitsidwa ng'ombe akhoza kumwa mkaka ndi kuthira ndowe m'munda mwake, koma sangagulitse ng'ombeyo mwini wake osadziwa, ndipo tsiku lina adzafunsidwa kuti khola lili bwanji.

Kuti ganizo lotere lisanduke lamulo logwira munthu pa khoti, pamafunika wina wolikhalira pansi. Maiko ena anationetsa kale zimenezi. Ku America, mphunzitsi wa malamulo wa pa yunivesite ya Michigan, Joseph Sax, analemba nkhani m'chaka cha 1970 yofotokoza kuti mitsinje, nyanja ndi magombe boma limangozisungira anthu onse, choncho makhoti ali ndi mphamvu yoliletsa kuzigawa mwachisawawa. Patapita zaka 13, mu 1983, khoti lalikulu la ku California linatsamira pa ganizoli pogamula kuti chilolezo chimene mzinda wa Los Angeles unali nacho chopatutsa mitsinje yothira m'nyanja ya Mono chikhoza kuunikidwanso, popeza nyanjayo inkaphwa. Pafupi nafe pano, ku South Africa, Kader Asmal, amene anaphunzitsa malamulo zaka zambiri ku Dublin ali ku ukapolo wothawa tsankho, anakhala nduna ya zamadzi mu 1994. Lamulo la madzi la 1998 limene iye anatsogolera linaika boma kukhala msungi chabe wa madzi onse, ndipo linapatula madzi akumwa ndi ophikira a anthu, pamodzi ndi madzi oti mtsinje ukhalebe ndi moyo, kuti zimenezi ziyambe zakwanira mwini munda waukulu kapena mgodi asanapatsidwe gawo lake. Zonsezi zinayambira m'kalasi ndi m'nyumba yosungira mabuku.

Phunziro la ku Kayelekera

Kwathu kuno nkhani imene sitiyenera kuiiwala ndi ya mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga. Pangano la pakati pa boma ndi kampani ya Paladin ya ku Australia linasainidwa mu February 2007. Nthawi imeneyo migodi inkayendetsedwa ndi lamulo la 1981, la m'nthawi ya chipani chimodzi, limene linaika miyala yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu ndi kupereka mphamvu zambiri kwa nduna. Lamulo loyang'anira miyala yotulutsa cheza choopsa kunalibe. Linadza mu 2011, mgodi utayamba kale kutulutsa miyala mu 2009. M'panganolo boma linalandira magawo 15 pa 100 alionse a umwini wa mgodi, koma linavomera kutsitsa msonkho wa pa phindu kuchoka pa 30 kufika pa 27.5 peresenti. Gawo limene kampani imapereka ku boma pa mtengo wa miyala yogulitsidwa linatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zoyamba, kenaka 3. Kwa zaka zingapo anthu wamba, ngakhale aphungu ambiri, sanalione panganolo ndi maso awo.

Mabungwe omwe si aboma, ena mwa iwo a mipingo, anapita ku khoti m'chaka chomwecho cha 2007, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti. Mu 2014 mgodi unaimitsa ntchito mtengo wa yureniyamu utagwa pa msika wa dziko lonse. Chaka chotsatira bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti dziko linataya pafupifupi madola 43 miliyoni a ku America m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yokhululukidwa ndiponso njira zimene ndalama zinkatulukira kunja. Kampaniyo inatsutsa lipotilo. Ife sitikufuna kuweruza mlanduwo pano. Chimene tikuona n'chakuti zolemba zabwino zofotokoza zofooka za panganoli zinabwera pangano litamanga kale dziko. Madzi akatayika saoleka. Kampani inabwera ndi maloya ozolowera mapangano otere m'maiko ambiri, pamene ife tinali kuchita koyamba; ndipo m'malo moitana aliyense wodziwa kuti adzathandize, tinatseka chitseko.

Tiyenera kuyamikira kuti zinthu zina zasintha. Dziko lathu linalowa mu 2015 m'mgwirizano wa maiko oulula poyera ndalama za m'migodi. Lamulo la 1981 linalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka la 2023. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma lamulo lolembedwa silidziwerenga lokha. Mu July 2024 boma linasaina mapangano atsopano a Kayelekera, umene tsopano uli m'manja mwa kampani ya Lotus ndipo unayambiranso ntchito mu 2025, ndi a phiri la Songwe ku Phalombe. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kulinso miyala imene maiko olemera akuifuna ndi mtima wonse. Funso la 2007 labweranso, ndipo labwera m'malo ambiri nthawi imodzi.

Mtsinje umodzi, malamulo ambiri

Nkhani ya madzi ndi magetsi ndiyo imaonetsa bwino chifukwa chake tikusowa anthu otha kuona malamulo onse pamodzi. Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Matope ndi zinyalala zimene zimatsamwitsa makina zimachokera m'mapiri ometedwa mpala ndi ootcha makala, ndipo makalawo amagulidwa ndi anthu a m'tauni amene magetsi alibe kapena amawaona ngati odula. Apa pakumana lamulo la nkhalango la 1997, malamulo a zamphamvu a 2004 amene anabala bungwe la MERA, lamulo la madzi la 2013, kusintha kwa 2016 kumene kunapatula EGENCO ku ESCOM, ndi lamulo la chilengedwe la 2017. Lililonse lili ndi ofesi yake ndi bwana wake, koma mtsinje ndi umodzi.

Taganizirani za zitseko za damu la Kamuzu ku Liwonde, lomangidwa mu 1965. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. A kumtunda ankafuna zitseko zitsegulidwe. A ku Chikwawa ndi Nsanje ankaopa kusefukira. Opanga magetsi ankakumbukira kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Kodi wotsegula kapena kutseka zitsekozo amatsata mfundo ziti, amamvera yani, ndipo amene waonongekeredwa katundu akadandaule kuti? Awa si mafunso a mainjiniya okha. Ndi mafunso a chilungamo, ndipo mayankho ake ayenera kukhala olembedwa ndi odziwika kwa onse madzi asanafike pakhomo. Za mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania, umene unabukanso boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta mu 2011 ndipo umatsamira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, tingonena kuti dziko limene silisula akatswiri akeake pa nkhani zotere limakalipira maloya akunja ndi ndalama zimene lilibe.

Sitikunena kuti aphunzitsi athu anakhala chete ayi. Danwood Chirwa, Mmalawi wophunzitsa ku yunivesite ya Cape Town, analemba m'zaka za m'ma 2000 za ngozi imene osauka amakumana nayo ntchito yogawa madzi ikaperekedwa kwa makampani ofuna phindu. Malemu Ngeyi Kanyongolo ndi anzake a ku Zomba analemba nawo buku la Water is Life la 2015, limene linafunsa ngati amayi, amene amasenza ndowa tsiku ndi tsiku, ali ndi mawu m'makomiti a mijigo ndi m'mabungwe oyendetsa malo ogulitsira madzi. Chikosa Silungwe anafufuza mozama za kusintha kwa malamulo a malo. Zolemba zotere n'zofunika kwambiri chifukwa Malamulo Oyendetsera Dziko lathu satchula ufulu wa madzi mwachindunji. Woufuna ayenera kuutulutsa mu ndime 30 ya ufulu wa chitukuko ndi m'mapangano a maiko, monga chigamulo cha United Nations cha mu July 2010. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wodekha ndi wowerenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa zolembazi zinasindikizidwa kunja, m'Chingerezi chovuta, ndipo mlembi wa komiti ya mjigo, ngakhale phungu amene, sanazionepo.

Zimene tikupempha

Kwa boma ndi Nyumba ya Malamulo tikuti: pangano lililonse lalikulu la migodi, madzi kapena magetsi liziikidwa poyera lisanasainidwe, ndipo makomiti a aphungu aziitana aphunzitsi a malamulo kudzaliunika pamaso pa anthu. Mphunzitsi wonena zosakomera akuluakulu asaonedwe ngati mdani. Tikukumbukira chaka cha 2011, pamene mphunzitsi wa zandale Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja. Sukulu ya Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi anayi amene anachotsedwa ntchito, n'kubwezeretsedwa pambuyo pake, anali mphunzitsi wa malamulo Garton Kamchedzera. Mantha a mtundu umenewo akalowa m'kalasi, amatenga zaka kuti atuluke.

Koma aphunzitsi nawonso tili nawo mawu, ndipo tiwanena mwachikondi. Tikudziwa kuti malipiro ndi ochepa ndipo ndalama za kafukufuku n'zosowa, kotero ambiri amapeza zoonjezera polembera malipoti makampani, boma kapena mabungwe akunja. Kutero si kulakwa. Choopsa n'chakuti munthu mmodzi alangize kampani m'mawa, alangize unduna masana, madzulo n'kukayankhula pa wailesi ngati katswiri wosakondera, omvera osadziwa amene wamulipira. Aliyense woyankhula pa nkhani za mgodi kapena damu anene poyera ngati anagwirirapo ntchito mbali imodzi. Ndipo pa nkhani khumi zimene alemba m'magazini a kunja pofuna kukwezedwa pa ntchito, imodzi yokha ilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Kyangonde, pa masamba awiri, kuti iwerengedwe pansi pa mtengo. Akuluakulu a mayunivesite aiwerengere ntchito imeneyi pokweza aphunzitsi, chifukwa ngati siwerengedwa palibe adzaichite.

Pali malo amodzi pamene thandizoli likufunika msanga. Malamulo atsopano a migodi amalamula kampani ya mgodi waukulu kuchita pangano la chitukuko ndi midzi yoizungulira. Tsiku losainirana, mbali ina ya tebulo kudzakhala maloya a kampani, mbali inayo a gulupu, a nyakwawa ndi komiti ya anthu amene mwina sanaonepo pepala lotere. Adzafunika kudziwa kuti chipukutamisozi cha munda ndi mitengo chiwerengedwa bwanji, manda a makolo awo adzatani, adzayeza madzi a m'chitsime ndani ndipo kangati pa chaka, komanso ndani adzakwirire maenje mgodi ukadzatsekedwa. Tikupempha sukulu zonse zophunzitsa malamulo m'dziko muno kuti zitumize aphunzitsi ndi ophunzira a chaka chomaliza kukakhala pambali pa anthu a ku Kasiya, Kangankunde, Songwe ndi Kayelekera, ndipo makomiti athu a m'maparishi a maderawo ndi okonzeka kuwalandira, kuwapezera pogona ndi kuwaitanira anthu.