Chikwama cha amayi chitakumana ndi mankhwala ophikira tsitsi

Mwezi watha ndinapita kumudzi, kwa Msakambewa, ku chinkhoswe cha msuweni wanga. Ulendo wake ndi uja wanthawi zonse: minibasi kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Lumbadzi mpaka pa Dowa boma, kenako kabaza wa njinga yamoto kulowera cha ku Kongwe. Paphewa ndinali nditakoleka chikwama cha amayi, chachikopa chenicheni, chofiirira, chomwe malemu amalume anawabweretsera kuchokera ku Joni ine ndisanayambe sukulu. Anandibwereka ndikukachita intavyu ya ntchito, ndipo ulendo umenewu ndimakabweza.

M'chikwamamo ndinaikamo kachitini ka mankhwala ophikira tsitsi komwe mkwatibwi anandituma. Kaya ndi mabampu, kaya kutentha kwa dzuwa, chotsekera chinamasuka. Pofika kunyumba mankhwala anali atadutsa pansalu ya m'kati n'kutulukira pamsoko, pakona ya pansi pali banga lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Mwayi wake amayi anali ali kophika thobwa.

Uphungu sunachedwe. Azakhali anati: "Tenga phulusa lapamoto upakepo mwanawe, silikanika kanthu." Mkwatibwi anathamangira botolo la Jik. Alamu anga, omwe amakonza njinga, anati palafini ndiye dokotala wa zonse. Onsewa amandifunira zabwino, koma ndikanamvera aliyense mwa iwo, bwenzi lero tikukamba za maliro a chikwama.

Tikaona banga timaganiza kuti ndi litsiro lomwe lakhala pamwamba, lofunika kukwecha. Pa matope kapena tiyi zimatero ndithu. Koma mankhwala ena akagwera pachikopa amachiwotcha, ndipo chilonda sachapa ayi. N'chifukwa chake musanagwire sopo, yambani mwadziwa kuti chatayikiracho n'chiyani.

Chikopa chofufutidwa bwino chimakhala cha asidi pang'ono. Mukukumbuka muyeso wa pH uja tinkaloweza ku sekondale? Madzi abwino amakhala pa 7, chikopa chimakhala cha m'ma 4 kapena 5, pomwe mankhwala ophikira tsitsi amakhala mbali inayo, kuyambira 12 kupita m'mwamba. Ambiri mwa iwo amakhala ndi sodium hydroxide kapena calcium hydroxide. Ntchito yawo ndi kufooketsa tsitsi kuti liwongoke, ndipo chikopa nacho ndi chochokera m'thupi la nyama ngati tsitsi lomwelo. Ngakhale m'mafakitale ofufuta zikopa, pochotsa ubweya amaviika zikopazo m'madzi a laimu, yemwe ndi calcium hydroxide yemweyo. Ndiye ganizirani mankhwala oterowo atakhala pachikwama ola lathunthu padzuwa.

Apa ndi pomwe phulusa la azakhali likugwera. Tonse tikudziwa chidulo, madzi odontha m'phulusa omwe timathira m'therere kuti lifewe. Chidulo chili mbali imodzi ndi soda, sopo waufa komanso mankhwala a tsitsi aja. Kupaka phulusa pamenepo kunali kuwonjezera nkhuni pamoto. Jik naye ali mbali yomweyo, ndipo kuwonjezera apo amadya utoto. Palafini amalowerera m'kati, amasiya banga lakuda lamafuta komanso fungo lomwe mudzayenda nalo mpaka Khirisimasi.

Chomwe ndinachita ndi ichi. Ndinavala jumbo kumanja, chifukwa mankhwalawa amawotchanso khungu, n'kukokolola onse otsala ndi supuni, mosapaka. Nsalu ya m'kati ndinaitembenuzira kunja n'kuitsuka payokha, ndikusamala kuti madzi asafike pachikopa. Pabanga penipeni ndinkagusa ndi kansalu koyera konyowa pang'ono, kuchokera m'mphepete kulowera pakati kuti lisakule, ndikusintha mbali ya kansalu nthawi iliyonse. Kugusa basi, osatikita. Chikopa chonyowa ndi mankhwala otere chimakhala chofewa, mukatikita khungu lapamwamba limasupuka.

Kenako ndinatuma mwana kugolosale kukagula kabotolo ka viniga woyera. Ndinasakaniza muyeso umodzi wa viniga ndi umodzi wa madzi, n'kuyamba ndayesa pansi pa chingwe, pomwe saona anthu. Utoto utapanda kutsalira pakansalu, ndinagusa pabanga paja, n'kubwerezanso ndi madzi okhaokha. Viniga ndi asidi wofatsa, amathetsa ukali wa mankhwalawo kuti asapitirize kudya chikopa. Sabweza mtundu womwe wapita kale, musamuyembekezere zimenezo.

Poyanika m'pomwe ambiri timalakwitsa. Alamu anati tichiike padenga la malata chiume msanga. Ayi ndithu. Chikopa chikauma mofulumira padzuwa kapena pafupi ndi mbaula chimakhwinyata n'kung'aluka. Ndinachidzaza mapepala oyera a m'kope kuti chisapindike (nyuzipepala imasiya inki pansalu), n'kuchibisa pamwamba pa kabati m'chipinda cha agogo. Chinkhoswe chonse ndinavina ndi mtima uli pakabati.

Mankhwala a tsitsi si okhawo omwe amayenda m'zikwama zathu. Sanitaiza uja tinazolowera kuyenda naye kuyambira 2020, komanso perefyumu, zili ndi spiriti yemwe amasungunula utoto wapamwamba. Zikadonthera, gusani msanga ndi kansalu kouma, musatikite. Mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo ndi oopsa kwambiri, pa masekondi ochepa amakhala atachotsa kale mtundu. Mafuta odzola kapena ophikira ndiye osavuta: thiranipo paudala wa mwana kapena ufa woyera wosefa bwino, musiye usiku wonse kuti uyamwe, m'mawa mukung'unthe. Mungafunike kubwereza kawiri katatu.

Koma pali gulu lina lomwe kwathu kuno sitingalidumphe. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, mayi akapita pa Mponela kukagula mankhwala othira m'chimanga kapena opopera fodya ndi tomato, nthawi zambiri amawaponya m'chikwama momwemo momwe muli mpango, foni ndi mandasi a ana. Amenewa akatayikira, nkhani ya kukongola kwa chikwama iiwaleni kaye. Nsalu ya m'kati imamwa poizoni. Isomboleni muitaye kuchimbudzi, telala akusokereni ina, ndipo ngati fungo lalowa m'chikopa momwe, chikwamacho chatha ntchito. Ndikudziwa kuti zimawawa, koma m'chikwama cha mayi mumalowa manja a mwana tsiku lililonse.

Chinanso, zambiri zomwe timagula pa kaunjika kapena m'mashopu n'kumati ndi zachikopa zimakhala za pulasitiki womatidwa pansalu. Yang'anani pomwe anadula: chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala timanyunyu ngati ubweya, chabodza mumaona ulusi wolukidwa. Chabodza sichimwa madzi, choncho kupukuta n'kosavuta, koma chikayamba kusupuka palibe mankhwala ake. Chikopa chija chaubweyaubweya cha suede nacho sichifuna madzi ndi polishi, chimenecho pitani nacho kwa odziwa.

Patapita masiku awiri chikwama chinauma. Banga silinachoke. Pamalopo panatsala potuwa, pouma ngati chikwa cha chimanga, koma sipanabooke kapena kung'aluka. Ndinakana Vaseline yemwe mkwatibwi anabweretsa, chifukwa amadetsa chikopa ndi kukoka fumbi. Ndinakwera kabaza kupita kwa bambo wina wosoka nsapato pamsika. Anachitembenuza, n'kukanda pabangapo ndi chikhadabo.

"Munapakapo chiyani, achemwali?"

"Madzi ndi viniga basi, bambo."

"Mwachita bwino. Ena amabwera atakwecha ndi Vim, ine n'kusowa pogwira."

Anandiuza mosabisa kuti mtundu wake weniweni sangaupeze. Anapaka utoto wa zikopa woderako pang'ono chigawo chonse cha pansi, kuchokera msoko mpaka msoko, kuti zioneke ngati anachipanga choncho. Utauma anapaka kirimu wa nsapato wopanda mtundu n'kupukuta ndi kansalu mpaka chinawala. Ndinalipira ndalama yochepera pa yomwe ndinagulira mankhwala a tsitsi aja.

Madzulo ndinapeza amayi ali pakhonde akusenda mtedza. Ndinagwada n'kuwapatsa chikwama ndi manja awiri, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa kabaza. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pamsoko paja.

"Azakhali ako anandiuza tsiku lomwelo," anatero. "Ndimangodikira kuti ndione ngati unene wekha."

Anatsegula zipi, ananunkhiza m'kati, n'kuikamo buku lawo la nyimbo ndi duku loyera la Chigwirizano. Ndinafunsa ngati adzandibwerekenso ndikadzaitanidwa ku intavyu ina.

"Ukayamba kulandira ugule chako, mwanawe. Tandipatsa lichero ilo."