Kuuzana za ulendo pa foni: phindu ndi msampha kwa alimi a m'malire

Pa msewu wa N7, wochokera mumzinda wa Tete kudzera ku Moatize mpaka kuchipata cha Zóbuè, maulendo ambiri masiku ano amayambira pa foni. Mlimi wa tomato amalemba m'gulu la WhatsApp kuti mawa mbandakucha akupita kumsika ndipo akufuna anzake oti asonkherane ndalama ya galimoto. Woyendetsa chapa amalengeza mipando yotsala. Wina wochokera ku Mwanza, mbali ya Malawi, amadziwitsa anzake kutalika kwa mzere wa malole pachipata.

Zimene anthuwa akuchita ndi zomwe makampani ena a intaneti akhala akuyesa kusandutsa bizinesi: malo amene munthu amalembapo kumene akupita ndi tsiku lake, kuti anzake adziwe. Funso lofunika kwa anthu a ku Chipanga, Cateme, Mussacama ndi Zóbuè ndi lakuti: uthenga wa ulendo ukachoka m'manja mwa mwini wake, ndani amapindula nawo?

Phindu lake ndi loonekeratu

Mtengo wa mayendedwe ndi umene umadya phindu la mlimi. Munthu mmodzi wokhala ndi matumba asanu a nandolo kapena soya sangachite hayala lole yekha. Akakhala alimi khumi amene agwirizana tsiku limodzi, aliyense amalipira gawo lochepa, ndiponso amakhala ndi mphamvu pokambirana mtengo ndi mwini galimoto.

Kwa mabanja ochokera ku Chipanga nkhaniyi ili ndi mbali ina. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja ambiri a m'derali kuti ikumbe malasha. Ena anapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, ena kudera la 25 de Setembro. Mgodiwo unagulitsidwa ku kampani ya Vulcan mu 2022, koma mtundawo sunafupike. Abale amene kale ankayenderana wapansi tsopano amafunika galimoto pa maliro, pa matenda ndi pa malonda. Kudziwa msanga amene akupita kutauni kumapulumutsa ndalama.

Uthenga wa momwe msewu ulili nawonso ndi chuma. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize n'kugwa. Pa tsiku ngati limenelo, womva msanga sanyamula katundu wosachedwa kuola.

Zimene zinachitikira ena

Ganizoli si lachilendo. Mu 2007 ku Ulaya kunayamba kampani ya Dopplr, yomwe ntchito yake inali yomweyi: munthu ankalemba maulendo ake, ndipo inkamuuza anzake amene adzakhale mumzinda umodzi naye. Nokia inaigula mu 2009, ndipo mu 2013 inatsekedwa. TripIt ya ku America, yosonkhanitsa matikiti ndi ndondomeko ya ulendo, inagulidwa ndi kampani ya Concur mu 2011. Imene inakula kwambiri ndi BlaBlaCar ya ku France, yomwe imalumikiza woyendetsa galimoto wokhala ndi mipando yotsala ndi munthu wofuna kukwera, n'kumadula kangachepe pa ndalama ya ulendo.

Apa pali maphunziro awiri. Loyamba, anthu sakhalitsa pamalo ongoonetsa kumene akupita. Amakhala pamene apeza mpando kapena kuchepetsa mtengo. Lachiwiri, kampani yaing'ono imatha kugulitsidwa, ndipo mayina, manambala a foni ndi mbiri ya maulendo a anthu zimapita kwa mwini watsopano amene iwo sanamusankhe. Choncho wachinyamata wa ku Tete wofuna kuyambitsa ntchito yotere ayenera kupereka china choposa chimene gulu la WhatsApp likupereka kale popanda malipiro ena kupatula a data.

Msampha uli pati?

Wolengeza ulendo amalengezanso zinthu ziwiri mosadziwa: kuti pakhomo pake pasala popanda mwini, ndi kuti pobwera kumsika adzakhala ndi ndalama m'thumba. Mu 2010 achinyamata a ku Netherlands anatsegula tsamba la PleaseRobMe pofuna kuchenjeza za vuto lomweli: linkasonkhanitsa mauthenga a anthu olengeza okha kuti sali kunyumba. M'gulu la anthu mazana awiri, palibe amene angalumbire kuti akudziwa mwini wa nambala iliyonse.

Ogula mbewu nawonso amawerenga. Akadziwa kuti malole atatu a tomato afika tsiku limodzi, amatsitsa mtengo alimi asanatsitse n'komwe madengu.

Palinso ozembetsa anthu, amene amadutsa msewu womwewu. Mu Malichi 2020, pa sikelo ya malole ku Mussacama, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole yochokera ku Malawi. Uthenga wolonjeza ulendo wotsika mtengo wa ku Johannesburg, wosafuna pasipoti, uyenera kukumbutsa aliyense za tsokali.

Intaneti ikhoza kuzima

Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinafalikira m'dziko muno. Intaneti ya pa foni inadulidwa kangapo, ndipo Facebook ndi WhatsApp zinatsekerezedwa kwa masiku. Misewu inatsekedwa m'malo ambiri, ndipo malole onyamula mafuta opita ku Malawi anavutika kudutsa. Nthawi imene anthu ankafunitsitsa kudziwa ngati njira ili yotseguka ndi imenenso magulu a pa foni anakhala chete.

Ngakhale pa mtendere, kumalire kuli vuto lake. Wa Movitel, Vodacom kapena Tmcel akawoloka amafunika khadi ya Airtel kapena TNM. Ambiri kumudzi ali ndi foni za mabatani, ndipo si onse amawerenga Chipwitikizi. Ntchito yosagwiritsa SMS, mawu ojambulidwa ndi chinenero cha anthu ake idzathandiza ochepa okha.

Pa malamulo, ndime 71 ya Malamulo Aakulu a dziko la Mozambique ndi Lamulo 3/2017 la zochitika pa intaneti zimateteza nkhani za munthu payekha. Malawi anakhazikitsa lamulo lapadera loteteza nkhani zotere mu 2024. Koma lamulo silibweza ndalama zimene zalandidwa pa msewu.

Chotsalira m'manja mwa mlimi

Magulu otetezeka ndi aang'ono, a anthu odziwana kumpingo, kumudzi kapena m'bungwe la alimi, okhala ndi woyang'anira amene amachotsa manambala osadziwika. M'gulu mulembedwe tsiku ndi malo okwerera basi. Kuchuluka kwa katundu ndi mtengo zikambidwe pa awiri. Nambala ya galimoto itumizidwe kwa wachibale mmodzi ulendo usanayambe. Ndalama zogulitsira mbewu zilowe mu M-Pesa, e-Mola kapena mKesh pamsika pomwepo. Ndipo uthenga wa mlatho wagwa kapena chipata chatsekedwa utsimikizidwe pa wailesi kapena kwa woyendetsa amene wadutsapo tsiku lomwelo, katundu asanakwezedwe.