Musanagule Foni, Yambani Mwacheza ndi Wokonza

Pabanja pakapezeka kandalama kogulira foni yamakono, mkangano umakhala pa dzina. Bambo akufuna Samsung chifukwa ndi yomwe anzawo akuntchito ali nayo, mwana wa ku sekondale wakakamira Infinix, mayi akungoti iliyonse bola ikhale yosunga moto. Mapeto ake wina amatumidwa ku Limbe kukafunsa ogulitsa, ndipo apa ndi pomwe ine ndimasiyana maganizo ndi ambiri. Wogulitsa amaidziwa foni pa tsiku lomwe ikutuluka m'katoni. Woidziwa itatha chaka ndi theka m'thumba la munthu wa ku Manja kapena ku Chimwankhunda, itagwapo pokwera minibasi, itanyowapo ndi mvula ya mu Januwale, ndi mnyamata uja amakhala pa kabenchi n'kumasintha magalasi osweka. Ulendo wanu woyamba ukhale wa kwa iyeyo.

Mukafika, mutchulireni mafoni awiri kapena atatu omwe mwawaika pamtima, ndipo mumufunse kuti galasi la iliyonse amasintha pa ndalama zingati, komanso ngati limapezeka tsiku lomwelo kapena mpaka kuitanitsa kunja. Mufunsenso za batire ndi pobayira tchaja. Zinthu zitatu zimenezi ndi zomwe zimagoneka mafoni ambiri m'madirowa. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kukonzetsa foni si nkhani yamasewera. Foni yomwe galasi lake likuyandikira theka la mtengo wa foniyo mudzaisiya ikadzangogwa kamodzi, ngakhale dzina lake likhale lotchuka bwanji.

Ambiri sadziwa kuti Tecno, itel ndi Infinix ndi ana a bambo mmodzi. Zonse zimapangidwa ndi kampani ya Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China, yomwe imagulitsa pafupifupi theka la mafoni amakono onse ogulidwa mu Africa muno. Choncho anyamata awiri akamatsutsana pa Kamba kuti yoposa inzake ndi iti pakati pa Tecno Spark ndi Infinix Hot, amakhala akuyerekeza mapasa. Ubwino wa mafoni a banja limeneli ndi woti anapangidwira moyo ngati wathuwu. Amalowa masimu khadi awiri, wa TNM ndi wa Airtel, kuti Mpamba ndi Airtel Money zikhale m'dzanja limodzi. Ambiri ali ndi batire ya 5,000 mAh, ali ndi wailesi ya FM, ndipo popeza ndi ochuluka m'dziko muno, zipangizo zake sizivuta kupeza. Kuipa kwake n'koti otsika mtengo kwenikweni amayamba kuchedwa akangodzaza, amabwera ndi mapulogalamu ambiri osafunika, ndipo sakhalitsa akulandira zokonza za chitetezo kuchokera kwa eni ake.

Za wailesi ya FM zija musazione ngati zachikale. Ife a m'munsi mwa phiri la Soche tikukumbuka Malichi 2023, pomwe namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Magetsi anazima masiku angapo m'madera ambiri. Wailesi ya mufoni sifuna bandulo, sifunanso intaneti, ndipo imadya moto pang'ono. Pa masiku ngati amenewo foni yodalirika imakhala ija yomwe ikadali yoyaka tsiku lachiwiri. Nyengo ya mvula imabwera chaka ndi chaka, ndiye pogula mufunse ngati foniyo ili ndi wailesi. Ma iPhone alibe.

Samsung, ya ku South Korea, mphamvu yake ili pa kukhalitsa kwa mapulogalamu. Galaxy A16, yomwe inatuluka mu 2024, eni ake analonjeza kuti azidzaitumizira zokonza kwa zaka 6. Izi n'zofunika kuposa momwe zimamvekera, chifukwa masiku ano foni ndi chikwama cha ndalama, ndipo pulogalamu ya banki imafika pokana kugwira ntchito pa foni yomwe inasiyidwa m'mbuyo. Koma funso la kwa wokonza lija likubweranso pano. A15 ndi A16 zili ndi galasi la mtundu wa AMOLED, lowala mokongola koma lodula kusintha kuposa galasi wamba la LCD lomwe lili pa A05 ndi A06. Ngati m'nyumba muli ana aang'ono omwe amalanda foni kuti aonere katuni, muganizire kawiri. Redmi, ya kampani ya Xiaomi, nthawi zambiri imapereka zamkati zamphamvu pa mtengo wofanana ndi anzake, koma mufunsitse za zipangizo za mtundu womwe mukufunawo. Pa Huawei samalani ndi chinthu chimodzi. Kuyambira 2019, boma la America litailetsa kuchita malonda ndi makampani a kumeneko, mafoni ake atsopano sabwera ndi Play Store ya Google, ndipo kuikamo mapulogalamu omwe tinazolowera kumafuna munthu woleza mtima.

Tsono pali iPhone, yomwe achinyamata athu amailota. Ndi foni yabwino, sinditsutsa. Koma zomwe banja wamba lingakwanitse zimakhala zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pa zimenezi mpamene mwambi uja umakwanira, woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kunja imanyezimira, batire itatha kale. Lowani pa Settings, kenako Battery, muone Battery Health. Ikakhala pansi pa 80 peresenti, dziwani kuti mukugula foni ndi ngongole ya batire yatsopano. Mwini wakale akhale atachotsamo akaunti yake ya iCloud inu mukuona, apo ayi tsiku lina idzatsekeka ndipo palibe wa ku Limbe angaitsekule mwachilungamo. iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus zisiyeni ndithu, WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa zimenezi mu 2025. Ndipo m'bale wa ku America akafuna kukutumizirani mphatso, mumuuze kuti ma iPhone ogulitsidwa kumeneko kuyambira pa 14 alibe polowetsa simu khadi, amayendera eSIM, choncho muyambe mwafunsa kampani yanu ya netiweki. Za ku Joni nazonso zina zimabwera zomangidwa ku netiweki imodzi ya kumeneko, mukaikamo khadi ya kuno n'kukana.

Dzina mukalisankha, werengani manambala a pakatoni modekha. RAM ndi yomwe imachititsa kuti foni isamaime mukatsegula zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo yochepera 4GB idzakutopetsani. Pali kaukathyali kena kofala. Katoni imalembedwa 8GB ndi zilembo zazikulu, pansi pake n'kulemba timanambala ta 4+4. RAM yeniyeni pamenepo ndi 4GB, inayo ndi malo obwerekedwa ku mosungira zinthu, ndipo sathamanga chimodzimodzi. Mosungira zinthu musatsike pa 64GB, ndipo thumba likalola tengani 128GB. Magulu a WhatsApp a kumpingo, a kwaya, a banki m'khonde, a makolo a kusukulu ndi a kumudzi amatumiza zithunzi ndi mavidiyo usana ndi usiku, kuwonjezera pa Baibulo, nyimbo ndi phunziro la Sukulu ya Sabata zomwe mukufuna zikhalemo. Za kamera ya 50MP kapena 108MP zisakutengeni mtima. Jambulani chithunzi m'shopu momwemo, pamalo a mdima pang'ono, muone ndi maso anu.

Ngati foniyo ndi ya agogo, omwe ntchito yawo ndi kuyimba, kulandira ndalama ndi kumvera wailesi, kafoni ka mabatani ka itel kapena Nokia kamatha masiku osatchaja ndipo sikaopa kugwa. Kuwagulira yamakono nthawi zambiri kumakhala kugulira mdzukulu mwanjira ina.

Mafoni apangongole afala tsopano. Mumapereka kaye ndalama yoyambira, zotsalazo muzilipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, ndipo mukalephera foni imadzitseka yokha. Kwa mayi wa geni yemwe maoda ake amabwera pa WhatsApp, njira imeneyi ingathandize. Koma tengani cholembera musanasaine. Tiyerekeze kuti akuti K1,000 patsiku kwa chaka chathunthu. Imeneyo ndi K365,000, osawerengera yoyambira ija. Yerekezani ndi mtengo wogula pakamodzi, ndipo mufunse chomwe chimachitika foniyo ikabedwa kapena ikasweka ngongole isanathe. Kawirikawiri ngongoleyo imakhalabe yanu. Mwezi womwe mwana wagonekedwa ku Queens ndi mwezi womwenso ndalama ya tsiku ndi tsikuyo imasowa, ndipo ndi pomwe foni imafunika kwambiri.

Pa tsiku logula musapupulume. Imbani *#06# ndipo pagalasi padzaoneka nambala yaitali yotchedwa IMEI. Ifanane ndi yomwe yalembedwa pakatoni, ndipo wogulitsa ailembe pa lisiti pamodzi ndi dzina la shopu ndi miyezi ya chitsimikizo chobwezera foni ikavuta. Lisitilo mulisunge pamodzi ndi makadi a kusikelo, chifukwa foni ikabedwa apolisi adzafuna nambala imeneyo. Foni yotchipa modabwitsa, yopanda katoni, yomwe munthu akukuonetsani mobisa pa depoti, ili ndi mwini wake amene akuilira kwinakwake, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Ikanimo makhadi anu onse awiri, imbirani wina kunyumba, yesani sipika, bayani tchaja muone ngati moto ukulowa. Ikakhala ya pobayira pa USB-C ndi bwino, chifukwa zingwe zake ndi zomwe zikuchuluka tsopano ndipo simulimbana ndi mbali yolowetsera.

Pa ndalama zomwe mwakonza, patulanipo ya chikuto cholimba ndi kagalasi kotchinjiriza, ndipo muziike musanatuluke m'shopu. Tchaja ikhale yake yeniyeni. Magetsi akazima muizule pakhoma, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyeso. Usiku musatchajire foni pansi pa pilo kapena pamatiresi, imafunika mpweya kuti isatenthe. Ndipo mukadzaona kumbuyo kwa foni kwayamba kutukumuka, batire yatupa. Muizimitse, musaibayenso pa moto, muichotse m'chipinda chogona ana, ndipo m'mawa mwake mupite nayo kwa wokonza.